Dzinja limene atsibweni anachiza wotchi ya a Kapitawo

Kagalasi kaja ndimakaonabe mpaka lero. Kakuda, kobulungira ngati chitsekero cha botolo. Atsibweni ankakapanikiza padiso chonchi, tsaya n'kukwinyika, diso linalo n'kutsinzina. Ukawasuzumira kutsogolo, diso lili m'katimo lalikulu ngati la ng'ombe. Ine ndinali kamtsikana kogweluka mano akutsogolo, ndipo ndinkakhulupirira kuti munthu wovala chinthu chimenecho amaona ngakhale zimene unadya dzulo.

Atsibweniwo anali alongo awo a amayi. Anangotulukira dzinja lina kuchokera tsidya la malire, kathini ka zitsulo kukhwapa, phazi lili pansi, opanda nsapato. Ife tinkakhala m'nyumba za kampani, kumalayini, abambo ndi amayi onse othyola tiyi. Nyumba ya kampani si yako, ana inu. Ukayetsemula molakwika, mawa mphasa ili panja. Ndiye mlendo wosalembedwa ntchito anali mlandu kale. Abambo ankafunsa akuyang'ana kudenga, "Alamu, mwati mukhala mpaka liti?" Atsibweni, mawu awo opyapyala aja, "Poko poko, alamu." Pa Chipwitikizi chawocho ndiye kuti pang'ono chabe. Pang'ono wakeyo anadya nafe chinangwa mwezi wathunthu.

Gulu la amayi ndi abambo linkathyola munda wakutali, m'tsinde mwa phiri, kumene mluzu wa kufakitale sunkamveka. Kumeneko nthawi inali m'thumba mwa a Kapitawo, amene ankayang'anira gululo. Anali ndi wotchi ya tcheni, yolira yokha. Ikati ngrrr m'thumbamo, anthu madengu pamutu, aweruka. A Kapitawo maso anali atayamba kuchita mdima, manambala sankawaona bwino, koma ndani akanawauza? Ndiye ankadalira kulirako.

Tsono wotchi imeneyo inkalira msanga. Gulu lonse linkadziwa, gulu lonse linali phee. Azimayi akaweruka dzuwa likadalipo ankathamangira kutimagawo tawo kukapalira chimanga. Anansi athu a khomo loyandikana, mayi wamkulu thupi, wa mawu ngati mtondo, ankati, "Kampani yonseyi m'bale wathu ndi mmodzi, ali m'thumba mwa a Kapitawo."

Tsiku lina bwana wamkulu anakumana ndi azimayi panjira akubwerera, mthunzi usanatalike. Zimene anawauza a Kapitawo ife sitinamve. Tinangoona a Kapitawo ali pakhomo pathu madzulo ake, jekete litanyowa, akukana mpando.

"Ndamva muli ndi munthu muno wodziwa mawotchi. Akonze yangayi. Ikakaliranso msanga, ndidziwa kuti mwapangana. Ndipo mlendoyu kuofesi sakumudziwa. Ine ndi amene ndikumudziwa."

A Kapitawo asanafike n'komwe kumapeto kwa layini, anansi aja alowa kukhitchini. "Achemwali, muwauze alongo anu aipukute fumbi basi. Idwale choncho. Akaichiza, udzu wa m'chimanga mwanga mudzadya ndinu."

Mwaona pamene tinaima? Uku nyumba, uku anthu. Abambo sanawafunse atsibweni kuti achita ziti. Amuna a nthawi imeneyo kufunsana maso ndi maso ayi. Anandikokera kuseri, khutu langa lili m'dzanja mwawo. "Iwe sukulu sumapita. Ukhale pamenepo. Uone dzanja lawo likugwirira ndani."

Ndiye ndinakhala kazitape, ine. M'mawa onse akapita kumunda, atsibweni ankayala kansalu koyera pakhonde, mvula ikudontha kudenga, fungo la palafini lili guu. Anatsegula wotchi ija kumimba. Munali timawilo tikuphethira, tina tochepa ngati nsabwe. Anatulutsa kachitsulo kamodzi kofiirira, kochepa kuposa njere ya nandolo, kobulungira koma kokhala ndi kaphompho mbali imodzi.

Anandiona kuti ndikuwalonda. Sanandithamangitse. "Bwera, mlonda wa alamu. Ona." Anandiika kagalasi padiso. "Aka kamazungulira. Pamwamba pake pamayenda kachala aka. Kakafika paphompho kamagwa, belu n'kulira. Koma taona mlomo wa phompholi. Wadyeka ngati gombe la mtsinje. Kachala sikadikiranso kufika kumapeto, kamangotsetsereka. N'chifukwa chake ikulira msanga."

Anatenga katupa kopyapyala ngati udzu. Kwe. N'kuuzira. N'kuyang'ana nthawi yaitali moti ine mwendo unachita dzanzi. Kwe. Anati ukapala mopyola, ilira mochedwa, ndipo chitsulo chikachoka sichibwerera. Akatero ankabwezera zonse m'malo, n'kudikira mluzu wa nthawi yoweruka, poti kumalayini unkamveka. Wotchi ngrrr, kenaka zii, kenaka mluzu. Iwo pukusu mutu, n'kutsegulanso.

Madzulo abambo, "Wawona chiyani?"

"Akupala."

"Akupalira mbali iti?"

Ine ndikanadziwa bwanji mbali? Abambo ankandiyang'ana ngati nanenso andigula. Masiku amenewo m'nyumba mwathu aliyense ankadya akuyang'ana dzanja la mnzake. A Kapitawo ankadutsa pakhomo n'kutsokomola osalowa. Anansi aja ankabwera kudzapempha mchere umene ali nawo, khosi lili pakhonde. Ena anayamba kunena kuti fumbi la chitsulo limene atsibweni ankauzira lija si fumbi wamba, akuuzira anthu kuti agone. Ana anzanga analetsedwa kusewera nane.

Amayi ndi amene analimba mtima. Ndinawamva akunong'ona pa Chilomwe, chimene ankayankhula pofuna kuti ana tisamve, koma ine ndinkamva. "Achimwene, siyani pang'ono pokha. Izilira msanga pang'ono, a Kapitawo sazindikira, azimayi apumeko." Atsibweni osakweza mutu. "Chemwali, gombe likayamba kugumuka silisiyira pomwepo. Ndikasiya pang'ono, mvula isanathe iyambanso, ndiye a Kapitawo abwera kwa inu, osati kwa ine."

Mwina ankanena zoona. Mwinanso kunali kunyada kwa mmisiri, wosafuna kuti anthu azidzati wotchi inamukanika. Ine ndakalamba nalo funso limeneli. Musandifunse.

Tsiku lake linafika Lamulungu, amayi ali pakhomo. Fakitale dzinja sinkapuma. Nthawi yoweruka itakwana, wotchi ndi mluzu zinalirira pamodzi, pakamwa pamodzi ngati akwaya. Ine ndinalumpha n'kuwomba m'manja. Amayi ananditsina pantchafu, chitsino choti mpaka lero ndikakhala pansi ndimachikumbuka.

Mawa lake, wotchi itabwerera kwa mwini wake, mvula inagwa ya tsiku lonse. Akuti azimayi atamva m'mafupa kuti nthawi yakwana anayamba kuwongola misana, makutu ali kuthumba la a Kapitawo. M'thumbamo zii. Anawerama n'kuthyolanso. Anafika kumalayini kukuda, zala zitachita makwinya, palibe anapita kukapalira. Anansi aja anadutsa pakhomo pathu ngati pali manda.

Nyumba sitinachotsedwe. Abambo anawathokoza atsibweni ndi manja awiri, ndipo pakamwa pomwepo anati, "Alamu, akuti ku Nkando mawotchi ofa ndi ambiri." Atsibweni anamva. M'mawa anamanga kathini kawo. Koma pochoka anali atavala nsapato, zachikopa, zakuda, zowakulira pang'ono. Ine ndinaziona, abambo anaziona, layini yonse inaziona. Wina anati zikufanana ndi za a Kapitawo. Amayi anati atsibweni anazisunga m'thumba chibwerere. Thumba lake liti, ine amene ndinawalonda masiku onsewo?

Ndinawafunsa amayi, "Kodi atsibweni analakwitsa?"

"Anakhoza."

"Nanga akupitiranji?"

"Tenga ndowa."

Kuyambira pamenepo amayi anasiya kupita kumpopi nthawi ya anzawo. Ankadikira onse atunge, macheza athe, ndiye ife awiri n'kunyamuka, pampopi pali matope okhaokha ndi mapazi a anthu. Dzinja lonselo tinkatero. Ine ndinkakondwa, ana inu. Ndinkayenda patsogolo ndikuimba, ndowa pamutu, n'kumati amayi anga ndi ochenjera kuposa azimayi onse, apeza nthawi yoti pampopi palibe mzere.