Mfunda wa Phiri ndi munda wa mayi anga

Bambo anga anapereka munda umene sunali wawo kwa munthu amene sanali mbale wawo, chifukwa choti onse awiri mfunda wawo ndi Phiri. Mundawo ndi wa mayi anga. Uli m'mbali mwa msewu wa tala wochokera ku boma la Mchinji kupita kuboda, ndipo mayi anasiyiridwa ndi mayi awo.

Inenso ndine Phiri, choncho ndikhoza kunena za dzinali mosaopa. Tanthauzo lake silifuna womasulira. Akuluakulu amati makolo athu pochokera ku Uluwa anafika pamalo ena atatopa ndi ulendo. Ena anakwera kukagona pamwamba pa phiri, ena anatsala m'munsi n'kubanda udzu kuti agonepo. Okwerawo anatchedwa a Phiri, otsalawo a Banda. Amatinso mafumu aakulu a Amaravi anali a mfunda wa Phiri. Nkhaniyi ndaimva kwa anthu ambiri, ndipo aliyense amaikhotetsera kumene kuli mfunda wake. A Banda amati iwo ndiwo anali eni nthaka, a Phiri anachita kuwapeza. A Phiri amati wogona pamwamba ndiye wamkulu. Mwa onse ofotokozawo palibe amene analipo.

Chimene ndingachitire umboni ndi kuchuluka kwa dzinali. Kupulayimale aphunzitsi akati, "Phiri, imirira," mabenchi ankalira mbali zonse za kalasi. Nditayamba utolankhani ku Lilongwe anandituma kukhoti, ndipo tsiku lina ndinalemba mlandu umene wakuba mbuzi anali Phiri, mwini mbuzi Phiri, wapolisi amene anamugwira Phiri, wolemba nkhaniyo Phiri. Mkonzi anandibwezera pepala kuti ndikonze, owerenga angasokonezeke. Kutsidya kwa boda n'chimodzimodzi: ku Chipata dzinali lili pamagolosale, pamabasi ndi pamitanda ya kumanda. Ku Mozambique liliko. Atumbuka ali nalo, Atonga ali nalo, ngakhale pakati pa Angoni a kwa Zulu ulipeza. Kunyadira dzinali kuli ngati kunyadira kuti uli ndi makutu.

Kale mfunda sunali wolemba papepala. Unali wolemekezera munthu ndi wothokozera: wina akakupatsa madzi akumwa, umawomba m'manja n'kutchula mfunda wake, basi. Sukulu, tchalitchi ndi ziphaso za opita ku Joni ndizo zinafuna dzina lachiwiri, ndipo anthu anapereka mfunda wa bambo. Motero kwathu dzina limachokera kwa bambo, koma nthaka imachokera kwa mayi. Mwana wa zaka zisanu amazidziwa zimenezi. Bambo anga ankazidziwanso bwinobwino mpaka pamene anakumana ndi ejenti wa paboda.

Bambo anachokera ku Kapondo kudzakwatira kwathu, ndipo akhala mkamwini zaka zoposa makumi atatu. Anali kalaliki pa esiteti ya fodya. Atapuma ntchito anatsala ndi ngolo ya ng'ombe komanso dzanja lokongola polemba. Pangoloyo analembapo dzina lawo ndi penti yofiira, zilembo zazikulu zoti munthu aziwerenga ali tsidya lina la msewu. Ukamwini unkawawawa. Pa zokambirana za pamudzi ankakhala kumbuyo, ndipo akayankhula anthu ankawamva monga amamvera wailesi: mawu akumveka, woyankha palibe.

Matipate atabwera, malonda a paboda anakula. Mathiraki anayamba kufola kuchokera pachipata mpaka kutali, ndipo kunadzaza osintha ndalama ndi maejenti, anthu amene ntchito yawo ndi kuyendetsa mapepala a katundu ku kasitomu. Ejenti wathuyu anali wonenepa, wa nsapato zosongoka ndi mafoni awiri palamba, kudera kumene foni imodzi yokha ndi yodabwitsa. Anaona ngolo ya bambo ikutsitsa njerwa m'mbali mwa msewu, n'kuimitsa galimoto. Ine sindinalipo, koma bambo anandisimbira kangapo, monyadira, osasintha liwu ndi limodzi lomwe.

"Mdala, dzina lili pangoloyi ndi lanu?"

"Ndi langa."

"Aa! Ndiye kuti ndinu atate anga! Ine ndakhala ndikufunafuna abale kuno."

Kufunafuna a Phiri ku Mchinji! Akanangoima padepoti n'kukuwa dzinalo, akanasowa pothawira.

Anayamba kubwera kunyumba Lamulungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi. Anabwera ndi shuga wa ku Zambia, kenako jekete ya pakaunjika imene manja ake ankaphimba zala za bambo. Ulendo wina anabwera ndi pepala lolembedwa pakompyuta ku Chipata, lokutidwa ndi pulasitiki, lamutu wakuti mbiri ya banja la Phiri. Pamwamba panali mkango ndi chisoti chachifumu. Pepalalo linkati a Phiri onse ndi magazi amodzi ndipo onse ndi a kumpando. Nditaliona ndili patchuthi, mkangowo ndinauzindikira: unali wa pabokosi la machesi. Ndinawauza bambo. Anandiyankha kuti sukulu inandiwononga, n'kulikhomera pepalalo pakhoma, pamwamba pa kalendala.

Kenako kunabadwa bungwe la a Phiri onse, ndipo bambo anasankhidwa kukhala wapampando. Osankhawo anali ejentiyo, mlonda wa ofesi yake, ndi amuna ena awiri amene ankabwerera zoziziritsa kukhosi. Ankakumana pansi pa mango kuseri kwa nyumba, bambo atavala jekete ija ngakhale mu Okutobala, akulemba mfundo za msonkhano m'kope la ana asukulu. Kopelo ndinaliwerenga. Mfundo zake zinali zoti a Phiri azikondana, a Phiri azithandizana, ndiponso kuti msonkhano wotsatira udzakhala Lamulungu.

Pakhomo bambo anayamba kuyankhula kuti "ife a kumpando". Mayi sankatsutsa. Ankangoti, "A kumpando, ng'ombe zanu zalowa m'dimba la eni ake," bambo n'kuthamanga.

Zimenezi zinatenga pafupifupi zaka ziwiri, ndipo tonse tinkaziona ngati sewero losapweteka munthu. Tinalakwitsa. Ejentiyo ankafuna malo oimikapo mathiraki, oti amangepo bala ndi zipinda zogona madalaivala. Anadikira mpaka mayi atabwera kwa ine ku Lilongwe kudzaonetsa maso kuchipatala. Pamenepo anauza bambo kuti munda wa banja uyenera kutukula banja, ndipo palibe chomvetsa chisoni ngati nthaka ya a Phiri kumangobala mtedza. Bambo anatenga cholembera. Ndi dzanja lawo lokongola lija analemba kalata yopereka mundawo "kwa mwana wanga", n'kusaina.

Ine ndi mayi tinaziona tili m'minibasi pobwerera, mwezi wathawu. Munda wonse unali utazunguliridwa ndi mitengo ya bulugamu ndi waya waminga, ndipo pakona panali mulu wa mchenga. Mayi anagogoda denga la minibasi.

"Tsitseni pompano."

"Mayi, siteji yanu si pano," anatero kondakitala.

"Ndati pompano. Ndafika pakhomo."

Anayenda m'mbali mwa wayayo mpaka kumapeto, akugwira mtengo uliwonse ngati akuwerenga. Sanatukwane, sanalire. Anangondituma kuti ndikauze malume anga, mlongo wawo wamkulu, amene ndiye mwini mbumba yathu, kuti abwere mawa lake m'mawa.

Ndisanapite kwa malume ndinatsikira kuboda kukachita ntchito imene ndimaidziwa. Ndinkayembekeza kupeza kuti munthuyo dzina anachita kuba. Ndinafunsa madalaivala, osintha ndalama ndi maejenti anzake. Ayi ndithu, analidi Phiri, wochokera ku Ntcheu, ndipo pachiphaso chake panalembedwa momwemo. Chimene ndinapeza chinali china. Bambo anga sanali atate ake okha. Analinso ndi atate ena kufupi ndi boma, ndi azakhali ena pafupi ndi chipata. Abale ake onsewa anali ndi malo m'mbali mwa tala. A Phiri a kutali ndi msewu, amene ndi ochuluka zedi, iye sanawapeze.

Malume ndi wokhoma zidebe, munthu wouma thupi ndi wouma mawu. Anafika m'mawa panjinga, zala zili zakuda ndi malata. Tinakhala pakhonde: malume, mayi, bambo m'jekete yawo, ine, ndi ejentiyo amene anabwera ndi kalata ija m'chikwama chachikopa.

"Mwadzuka bwanji, amalume?" anayamba ejentiyo.

"Malume anu ali ku Ntcheu. Ine ndingokufunsani mafunso ochepa. Mayi anu ndi a mudzi uti?"

Anatchula mudzi umene palibe anaumvapo.

"Agogo anu anaikidwa kuti?"

"Komweko."

"Alamu angawa anabwerako pamaliropo?"

"Nthawi imeneyo tinali tisanadziwane."

"Nanga pamaliro a mayi wa alamu angawa ku Kapondo, inu munakhala mbali iti?"

Foni imodzi ya palamba inalira. Ejentiyo anaiyang'ana nthawi yaitali ngati imuuza yankho.

"Bwana, zimenezo ndi zachikale," anatero pomaliza. "Pano ndi demokalase. Munthu ali ndi ufulu wopatsa mwana wake chimene akufuna. Pepala ili lasainidwa."

Malume sanalilandire pepalalo. Anatembenukira kwa bambo.

"Alamu, tsiku limene munabwera kudzakwatira ine ndinalipo. Munali ndi njinga ndi sutikesi yamalata. Munda munaumangirira pati? Pakaliyala?"

"Ndaulima zaka makumi atatu, alamu."

"Aganyu nawonso aulima. Tiwaitane tiwagawire?"

Mawu amenewo anali owawa, ndipo bambo ndinawamvera chisoni. Zoti anaulima n'zoona. Ndinawaona ndili mwana akupita kumundako kusanatenthe, khasu paphewa. Koma chisoni changa chinatha msanga, chifukwa anatembenukira kwa ine.

"Iwe, ndiwe Phiri. Uwauze anthuwa kuti ife ndife ndani."

"Ndine Phiri pachiphaso, bambo. Pamunda paja ndine mwana wa mayi."

"Wamva?" anatero bambo kwa ejentiyo. "Ndi mmene amandichitira pamudzi pano."

"Osadandaula, atate. Magazi ndi magazi."

Apa mayi analowererapo. Anakonza mpango wawo, n'kuyang'ana bambo ndi maso awo odwalawo.

"A Phiri, dzina lanu ndinalola kuti mulembe pa ana anga. Ndinalola pangolo, ndinalola pachitseko. Panthaka ya amayi anga, ayi. Mwana wanuyu ngati mumamukonda, kwanu ku Kapondo minda iliko. Kamupatseni kumeneko."

Ejentiyo anaseka asanaganize.

"Ku Kapondo? Mayi, thiraki ingafike ku Kapondo?"

Malume anayamba kuchotsa dothi m'zikhadabo. Ndinayang'ana bambo, ndikuganiza kuti tsopano amva. Munthu amene anakhala zaka zambiri akugwira zolakwika m'mabuku a esiteti sakanalephera kugwira chimenechi. Anachimva ndithu, chifukwa nkhope yawo inagwa. Koma anakoka manja a jekete, n'kunena kuti nyengo yachilimwe msewu wa ku Kapondo umakhala wabwino.

Kalatayo inalibe chidindo cha amfumu, chifukwa amfumu anali atanena kale kuti sangadinde za munda mwini mbumba palibe. Ejentiyo anaibweza m'chikwama, n'kutiuza kuti ali ndi loya ku Lilongwe ndipo tidzaonana kukhoti. Ndinamupempha kuti adzandiuze tsiku, chifukwa kukhoti ndiye kuntchito kwanga. Masana a tsiku lomwelo ana a malume, amuna atatu aakuluakulu, anazula mitengo yonse, n'kukulunga waya, n'kuzisiya m'mbali mwa msewu pamodzi ndi uthenga woti mwini wake adzatenge. Mlonda uja anadzatenga patapita masiku awiri. Mchenga anausiya, ndipo mayi akuti ndi wabwino kutsukira mapoto.

Chiyambire tsiku limenelo ejentiyo sanapondenso pakhomo pathu. Kalata ya loya sinabwere. Bungwe la a Phiri onse silinakumanenso, ngakhale wapampando amakhalabe pansi pa mango Lamulungu masana, kope lili pamwendo, akutembenuka galimoto iliyonse ikadutsa. Ndamva kuti mwana wawoyo wapeza agogo atsopano kufupi ndi malo opimira mathiraki.

Bambo sanagonje. Akuti munthu wa kumpando sabweza mawu, ndipo popeza analonjeza malo, malo apezeka. Alembera kalata alongo awo awiri ku Kapondo, azakhali anga, kupempha chigawo cha munda wa kumeneko. Sanaganizire kuti nakonso minda ndi ya akazi ndi ana awo, ndipo iwo monga mlongo ntchito yawo ndi kuiteteza, osati kuigawa. Azakhali aakulu ayankha pafoni ya mphunzitsi wina wa kumeneko kuti bambo apite okha Loweruka likubwerali, akafotokoze pamaso pa mbumba yonse kuti mwana ameneyu anabadwa liti ndipo mayi wake ndani. Bambo apopa kale njinga.

Mayi amaliza kugalauza mizere m'munda wonse, mpaka m'maenje mmene munali mitengo. Mbewu aisenda kale, ili m'thumba kuchipinda. Mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka, adzala mtedza.