Nthungululu pa Gule wa Khirisimasi

Ine pakamwa ndinabadwa napo. Kwathu ku Ntcheu ukwati ukadutsa popanda nthungululu yanga, anthu ankafunsana kuti kodi aphunzitsi aja adwala? Ndiye mayi wotereyu ndi amene abambo akunyumba anabwera naye ku Nairobi atapeza ntchito ku Gigiri. Choko ndinasiya kumudzi, ndipo kuno chilolezo chogwirira ntchito ndinalibe. Ntchito yanga inangokhala mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa.

Mwanayo asanagule ndi mano omwe, mnzake wa kusukulu anamukokera ku Westlands, m'chipinda chapamwamba chodzadza magalasi, kumene ankaphunzitsa gule wa azungu wovina ndi nsonga za zala zakuphazi. Amati baleyi. Nditamuona koyamba ndinaseka mpaka misozi. Gule wanji wopanda ng'oma, wopanda chiuno, wovina nkhope ili gwa ngati munthu akudikira jakisoni? Koma mwana anakakamira, ine n'kugonja.

Disembala aliyense sukuluyo inkaonetsa gule mmodzi yemweyo m'holo yaikulu ya m'tauni. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kamene kamalandira chidole pa Khirisimasi, n'kulota chidolecho chikumenyana ndi mbewa, kenako chikukatengera ku dziko la maswiti. Mphunzitsi wawo, mayi wachikulire wa konkuno, wowonda ngati bango, ankakonda kutifotokozera mbiri yake ife amayi tikamasoka zovala. Ankati guleyu anayambira ku Rasha zaka zoposa zana zapitazo, ndipo amene anamuona koyamba anatuluka akung'ung'udza kuti ana achuluka pa nsanja. Koma ana omwewo ndi amene anadzamutchukitsa dziko lonse, chifukwa mwana mmodzi akavina, amadzaza mzere wonse wa mipando ndi abale ake. Ine ndinati, “Aaa, ndiye ndi sewero la Sande sukulu lomwe lija, kungoti ili n'lolipiritsa.” Amayi anzanga anaseka, iye sanaseke.

Ndipo anthu ankabweradi. Amwenye ndi agogo awo, azungu ofiira ndi dzuwa, eni dziko atatchena ngati akupita ku ukwati. Ena ankabwera kudzaona mtengo wa Khirisimasi ukukula pa nsanja mpaka kudenga. Ena ankadzaonera chipale chofewa cha kumaiko ozizira chikugwa, kunja kukutentha, osadziwa kuti chipalecho ndi mapepala amene ine ndinadula ndi sizasi mpaka chala kutupa. Koma ambiri ankabwera ngati ine, aliyense kudzafunafuna wake m'gulumo.

Chaka choyamba wanga anali mbewa. Mbewa, abale anga! Ndinauza bambo ake kuti ndalama zonse zija tikulipirira mwana kuti akhale ndiwo. Chaka china anakhala msilikali, kenako chipale, kenako duwa. Ine ndiye wa matatu, maminibasi a kuno, wa jamu wa pa msewu wa ku Westlands, woyenda m'magodauni osungiramo katundu a ku Industrial Area kusaka nsalu yonga ukonde yosokera masiketi. Atayamba kuimira pa zala, zikhadabo zinkada n'kuzuka. Ndinkamuviika mapazi m'madzi a mchere, iye akuluma pilo, ine ndikutukwana amene anayambitsa guleyo. Pa zonsezi ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: ndidzamuone mwana wanga akuvina yekha pakati pa nsanja ija, popanda wina womutchinga.

Tsikulo linafika ali namwali wa ku sekondale. Anamupatsa malo a mfumukazi ya dziko la maswiti, imene imavina yokha gule akamapita kumapeto. Ndinavala chilundu changa chabwino, duku kumutu, n'kukhala kutsogolo pafupi ndi bambo ake. Nyimbo ya pamenepo ndi yapansipansi, imangolira ngati supuni ikugunda kapu, ndipo holo yonse inangoti zii. Mwana wanga anatulukira, n'kuima pa chala chimodzi, mwendo wina uli m'mwamba, osagwedezeka. Mwana amene ndinamubereka ine, wa mapazi a m'madzi a mchere uja!

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangomva nthungululu yatuluka, yonse yathunthu, ya pa ukwati wa mwana wa mfumu.

Mwana anadzidzimuka, chidendene chinagwa pansi, anadzandira. Ena anaseka, ena anaomba m'manja, mzungu wina kumbuyo kwanga anati shii ngati akuthamangitsa nkhuku. Bambo ake anandikoka chilundu kuti ndikhale. Mwanayo anamaliza gule wake, koma nkhope inali itauma.

Titafika kunyumba anaponya maluwa pa tebulo n'kunena kuti, “Amayi, mwandipha.”

“Ndakupha? Ine?” ndinatero. “Iwe, kwathu mwana akavina bwino amayi ake akangokhala duu, anthu amati ndi mfiti. Umafuna ndiombe tim'manja ngati mlendo? Ndine mayi ako ine!”

“Kuno si kwanu,” anatero, n'kukadzitsekera kuchipinda.

Mpaka lero sindivomera kuti kusangalala ndi mwana wako ndi mlandu. Koma kuvomera kapena kukana, chilango ndinachilandira. Wina anali atajambula ndi foni, ndipo kanemayo anazungulira ana onse a pasukulupo. Mwana wanga akalowa m'chipinda chovalira, anzake ankamulandira ndi nthungululu yonyoza. Mphunzitsi uja anakwiya n'kuletsa kujambula chilichonse m'holo. Mwanayo anayamba kupita yekha pa takisi. Mapazi ankaviika yekha, chitseko atakhoma. Chaka chonse ndinkangokhala pa khonde ngati katundu woiwalika, ndikumva nyimbo ya supuni ija ikulira kuchipinda kwake. Zinkandiwawa, ndisaname, zinkandiwawa kwambiri.

Disembala wotsatira anali womaliza, chifukwa anali atapeza malo a sukulu kunja. Anamupatsanso ufumukazi uja. Anabwera ndi tikiti imodzi, n'kuipereka kwa bambo ake ine ndikuona.

Bambo akewo ndi munthu wofatsa, wa mawu owerengeka. Anakhala ngati nkhoswe, kuchoka kuchipinda kwa mwana kubwera kwa ine, kuchoka kwa ine kubwerera kwa mwana. Pomaliza anandikhazika pansi.

“Mayi, wavomera,” anatero. “Koma mukakhale mzere wakumbuyo, ndipo musakatulutse mawu ngakhale amodzi. Kwa eni kulibe mkuwe.”

“Mpaka kundiikira malamulo mwana wobereka ndekha?”

“Mukufuna kukamuona kapena ayi?”

Ndinapita ndekha pa chitseko chake n'kulumbira kuti, “Mwanangu, pali Mulungu, sudzandimva.” Anayankha kuti chabwino, osatsegula.

Linali Loweruka masana. Chilundu ndinachisiya, ndinavala diresi wamba kuti ndisaoneke. Bambo ake anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo, kampango kali m'manja. Mbewa zinamenyana ndi asilikali, mtengo unakula, chipale chinagwa chodulidwa ndi amayi ena. Zonsezo ndinaziona bwinobwino, mtima uli m'malo.

Kenako supuni ija inayamba kugunda kapu. Ndinangoona nsonga ya siketi yake ikutulukira kumbali kwa katani, pomwepo chinthu chija chinanyamuka m'mimba, n'kukwera pachifuwa, n'kufika pakhosi. Mayo ine! Ndinadziwa kuti ndikangomuona ataima pa chala chija, palibe lumbiro limene lindigwire. Ndinakankhira kampango m'kamwa n'kuluma. Sizinathandize. Ndiye ndinaweramitsa mutu, n'kutsinzina, n'kuyamba Pemphero la Ambuye chamumtima. Ndikafika pa ameni ndinkayambiranso. Ndinkadziuza kuti ndikweza maso pang'ono pokha chikatsika, koma sichinkatsika. Ndinkamva anthu akupuma mokoka, wina pafupi nane akuti haa, ine maso ali chitsinzinire, thukuta lili kamukamu. Mayi amene ndinayandikana naye anandigwira phewa n'kunong'ona m'Chiswahili kufunsa ngati ndili bwino, “Mama, uko sawa?” Ndinangogwedeza mutu.

Nditamva m'manja ndi pamene ndinatsegula maso. Holo yonse inali itaimirira. Pakati pa mitu ya anthu ndinaona mwana wanga akuwerama, gule atatha.

Panja bambo ake anandipeza maso ali ofiira, munthu amene sanalire ndi pa maliro a amayi ake omwe. Ankangoti, “Mayi, mwaona? Mwaona zimene zija?” Mphunzitsi uja, amene chaka chonse sankandipatsa moni, anandigwira dzanja n'kunena kuti pa ana onse amene waphunzitsa sanaonepo wovina choncho. Kenako mwana anatulukira akuthamanga, maluwa ali m'manja, n'kundikumbatira pamaso pa anthu onse. Chaka chathunthu asanandikhudze.

“Amayi, lero mwandisangalatsa,” anatero. “Munaona mmene ndinazungulirira kumapeto kuja?”

“Ndinaona, mwanangu.”

Mwanayo anapita kusukulu ija ya kunja. Akuphunzira za mankhwala, ndipo gule anasiya, akuti mapazi anatopa ndipo nthawi palibe. Nditamva zimenezo ndinafunsa amayi onse amene ndinkasoka nawo ngati alipo anaba kujambula tsiku lija. Palibe. Onse anamvera lamulo. Ndinapempha bambo ake kuti andifotokozere mmene anavinira, ndikunamizira kuti kumbuyo kuja sikunkaoneka bwino. Anaganiza nthawi yaitali n'kunena kuti, “Anavina bwino kwambiri.” Basi, ndi zonse zimene ndili nazo.

Disembala akafika, zikwangwani za gule uja zimadzazanso m'mashopu a ku Westlands, makolo ena n'kumakokana ndi timbewa tawo. Ine ndimadutsa chakumbali. Ku tchalitchi amayi a kwathu akandipempha nthungululu pa ukwati ndimati kukhosi kukuwawa, ndipo si bodza kwenikweni.

Khirisimasi yapitayi mwana wanga anaimba foni. Tinacheza za kuzizira kwa kumeneko, ndi za mayeso ake.

“Amayi, pali chimene sindinakuuzeni,” anatero. “Tsiku lomaliza lija ndinkadziwa mpando umene munakhala. Gule yense uja ndinavinira inu. Ndikazungulira, maso ndinkabwezera pa khomo paja. Kunali mdima, sindinkakuonani, koma ndinkadziwa kuti mukundiyang'ana. Munazindikira?”

Ndinati eya, ndinazindikira. Anaseka mosangalala, n'kupempha kuti ndiwapatse foni adadi ake.