Onyamula a Pamasitepe

Kwa zaka makumi awiri, ntchito ya Gunvor Tveit inali kuima pamasitepe m'sitima yapamadzi ya alendo yochokera ku Bergen. Belu loyeserera ngozi likalira, zikepe zokwerera ndi kutsikira m'sitimamo zinkazimitsidwa, ndipo Gunvor ankauza aliyense woyenda panjinga ya olumala kuti, "Dikirani pomwepa, abwera okunyamulani."

Atapuma pantchito, sitiroko inamupha miyendo. Chaka chatha anakwera sitima yomweyo ngati mlendo, ali panjinga. Belu litalira, pamasitepe anapezapo Eilif, amene Gunvor yemweyo anamuphunzitsa ntchito.

"Dikirani pomwepa mayi, abwera okunyamulani."

Anadikira mpaka alendo anzake anabwerako koyeserera ngoziko, akuvula majekete oyandamitsa. Sipanabwere munthu womunyamula.

"Iwe Eilif, onyamulawo ndi ndani?"

Eilif anangoti kukamwa yasa. "Inetu ndimayesa mumawadziwa ndinu."