Miyala yanga ya simentu m'thanki la abambo

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerera ku Mualadzi kuchokera ku Zambia, nkhondo itatha. Ndinali kamtsikana, kaya wa zaka khumi kaya khumi n'chimodzi, nanga ankawerenga ndani. Tinapeza nyumba yathu itagwa, pabwalo patamera mitengo. Tinafikira kwa atsibweni anga, alongo awo a amayi, amene sanathawe nkhondo yonse ija.

Abambo anabwera ndi nzeru imene anaiona ku kampu ya othawa nkhondo, yoweta nsomba pakhomo. Anamanga kathanki ka simentu, kukula kwake ngati mphasa ziwiri, kuya kwake kofika m'ntchafu. Atamaliza anati tidzazemo madzi. Patapita masiku atatu anati titaye, tidzazenso. Mwezi wathunthu ine ndi amayi tinkangosenza ndowa, kuthira, kutaya. Amayi atafunsa chifukwa chake, abambo anangoti ku kampu ankatero. Ndikaganiza lero ndimaona kuti nawonso sankadziwa.

Kenako anapalasa njinga mpaka ku Cassacatiza, kumalire, nabwera ndi tiana ta nsomba m'chigubu, zimene mnzawo wa ku Zambia anawapatsa. Zinakhala bwino ndithu. Tinkazipatsa gaga, ndipo pakudya zinkachita phokoso ngati mvula yoyamba kudontha.

Ine zinkandimvetsa chisoni masana, poti zinalibe pobisala dzuwa. Ndiye ndinatenga simentu yotsala m'thumba, n'kusakaniza ndi mchenga, n'kuumba miyala isanu. Mabowo ndinaboola ndi chitsononkho kuti akhale makomo. Manja anga anang'ambikang'ambika, akuwawa ngati ndagwira tsabola, koma sindinalabade. Itauma masiku awiri ndinaiika m'madzi. Abambo anaiona, anaseka, anati mwana uyu adzamanga tchalitchi.

Tsiku lachitatu m'mawa nsomba zinali pamwamba, kukamwa yasa. Madzi anali ndi kankhungu koyera, ndipo ukagwira ankaterera ngati muli sopo. Pofika masana zonse zinali chagada.

Apa m'pamene mutu wanga umaima mpaka lero. Miyala ija aliyense ankaiona, koma palibe anaiganizira. Thanki simentu, miyala simentu, thumba limodzi lomwelo. Nanga mwala ungaphe bwanji nsomba?

Abambo anakumbukira kuti dzulo lake anaona atsibweni akusamba m'manja pathankipo. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti nthawi ya nkhondo atsibweni ankapha nsomba kumtsinje ndi katupe, mankhwala aja oledzeretsa nsomba. Abambo anawapeza akusema mpini.

"Alamu, mwathiramo chiyani m'madzi mwanga?"

Atsibweni anaika kasemasema pansi. "Ife tinatsala kuno tikudya mizu, inu mukudya ufa wogawidwa. Lero mwabwera kudzandiyesa mfiti pakhomo panga?"

Amayi anangolowa m'nyumba. Abambo anali mkamwini, malo anali a kwa amayi, ndiye mawu amenewo sakanatheka kubwezedwa. Chisanakhwime chimanga tinasamukira ku Nsadzo, kwa abale a abambo. Anthu awiriwo sanapatsanenso moni. Abambo atamwalira, atsibweni anabwera pamaliro, anakhala patali pansi pa mtengo, osadya kanthu.

Chaka chatha kutchalitchi kwathu tinamanga thanki losungira madzi a mvula. Pedereru, mmisiri amene ankamanga, anatiletsa kumwa madzi oyamba. Anati simentu yatsopano imatulutsa ukali wake m'madzi, ngati phulusa la chidulo, mpaka uiviike masabata angapo ukusintha madzi. Anaviika kapepala kena m'madzimo, ndipo kanasintha mtundu pamaso pathu. Mwana wanga wophunzira ku shikola anati zimenezo amazitcha pH. Ine ndinagwira madziwo ndi zala. Ankaterera.

Ndinamufunsa pedereru uja kuti nanga nsomba zingakhalemo? Anati ngakhale chule sangachedwemo. Ndinakhala pansi pomwepo, pamchenga, anthu n'kumayesa ndadwala.

Ndinapita ku Mualadzi pa njinga ya mwana wanga. Atsibweni akalamba, maso sakuona bwino. Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse, za miyala, za pedereru, za kapepala. Anandiuza kuti ndibwerezenso, ndinabwereza. Kenako anafunsa:

"Ndiye kuti palibe anathira kanthu?"

Ndinati palibe.

"Ine zaka zonsezi ndimayesa ndi amako. Ndimati mlongo wanga watopa ndi thanki lija. N'chifukwa chake sindinapite nayo kubwalo nkhaniyi."

Amayi nawo anapita kale, sindingawafunse kuti iwo ankayesa ndani. Mwina aliyense ankabisa mnzake pa mlandu umene kunalibe. Kaya.

Masiku ano ana amaviika kapepala, madzi n'kunena okha chimene chili m'kati. Ife tinalibe kapepala, tinkangoyang'ana amene waima pafupi. Sindikudziwa ngati ndinalakwa, poti ndinkafuna kuti nsomba zipeze mthunzi basi. Koma ndikutsanzika, atsibweni anandigwira dzanja n'kunena kuti mvula ikatha ndidzawatenge, ndikawaonetse pamene anagona alamu awo. Anati ali nawo mawu.