Tulo ta Mlamu m'thiraki yatsopano

Pa depoti ya mathiraki paja aliyense amamutchula kuti Mlamu, ngakhale madalaivala amene anayamba ntchito dzulodzuloli, amene mwamuna wake sanamuonepo n'komwe. Dzinali linayamba tsiku limene anafika pageti, mwana ali kumbuyo, kudzafunsa za mwamuna wakeyo, amene anali dalaivala. Mwamunayo ananyamuka ndi feteleza, feteleza anafika, thiraki inabwerera ndi munthu wina, koma mwiniwake zii. Anzake anamulandira mayiyo ndi ulemu wonse. “Khalani apa, alamu. Musadandaule, alamu, abwera.” Onsewo ankaidziwa nyumba imene mnzawoyo anatsikirako, ndi mtundu wa makatani ake omwe, koma pakamwa anali atamanga ndi waya.

Mwamuna sanabwere. Dzina lokha ndi limene linatsala, ndipo poti mwana sadya dzina, Mlamu anapempha ntchito yotsuka mathiraki pompo. Makaniko wa pa depoti anali munthu waulesi wabwino. Zinkamutopetsa kusiya sipanala n'kupita kukasuntha thiraki iliyonse imene yatsukidwa, choncho anamuonetsa Mlamu popondera ndi pokankhira giya. Ulesi wa mwamuna mmodziyo unachita zimene misonkhano yambiri yotukula amayi inalephera. Patapita zaka Mlamu anakayesedwa n'kutenga laisensi ya magalimoto aakulu, ngakhale woyesayo anayamba wamufunsa ngati wabwera kudzaperekeza mchimwene wake.

Mafunso otere sanathe mpaka lero. Akafika pageti la fakitale, mlonda amayang'ana pampando wa dalaivala, n'kuona mkazi wakuda, duku kumutu, atagwira chiwongolero. Kenako amasuzumira kumbuyo kwake.

“Adalaivala ali kuti, mayi?”

“Ali kumbuyoku, akuyamwitsa mwana. Tsegulani geti, bambo, dzuwa likupita.”

Apolisi ena amamuimitsa popanda mlandu, kungofuna kuitana anzawo adzaone. Pamalo ogona mathiraki, atsikana oyendayenda poyamba ankamuyang'ana ndi diso lofiira, kumuyesa wodzawalanda makasitomala. Pano amamusungira madzi osamba. Pa depoti chimbudzi cha akazi n'chimodzi, chili m'mwamba ku maofesi, ndipo kiyi wake amakhala m'chikwama cha sekilitale, amene amaweruka nthawi yabwino. Zonsezi Mlamu amazinena akuseka, koma kuseka kwa mano okhaokha.

Kampani imamunyadira kwambiri, makamaka chaka chikamatha. Chaka china anamujambula n'kumuika pa kalendala, ataima pafupi ndi thiraki yonyezimira imene sanaiyendetsepo. Ojambulawo anamuyeretsa nkhope mpaka mkulu wake, atapachika kalendalayo pabalaza, anafunsa kuti, “Nanga mzungu wabwereka ovololo yakoyu ndani?”

Thiraki yake yeniyeni inali Nkhalamba, yakale kuposa zonse pa depoti, imene inkakhosomola pa chitunda chilichonse ngati ikupempha kuti aisiye ifere pomwepo. Zitseko zake sizinkakhomeka. Mlamu akafuna kugona ankakoka lamba wa pampando, n'kumupisa pa chogwirira cha chitseko, n'kumanga. Mbali inayo chimodzimodzi. Manja ake anazolowera moti ankachita zimenezi maso ali otseka. Ulendo umene ena ankauyenda sabata, Nkhalamba inkauyenda mwezi, chifukwa inkakonda kufera kutchire, kutali ndi makaniko.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Mwana uja anali kumbuyo anali atakula, mtsikana wamtali, wa mayeso omaliza a sekondale chaka chimenecho. Ankakhala kwa amayi ake aakulu, nyumba ya ana ambiri ndi tebulo limodzi. Anali mwana wanzeru, koma nzeru za mwana zimafuna munthu wozifunsa kuti zaswera bwanji. Aphunzitsi ake anali atatumiza uthenga woti masamu akutsetsereka, ndiponso kuti mtsikanayo wasamukira kumbuyo kwa kalasi, kumene kumakhala oseka.

“Amayi, mubwera liti?” ankafunsa pa foni.

“Funsa Nkhalamba, mwanangu. Ine ndine wantchito wake chabe.”

“Nthawi zonse mumatero.” Foni n'kuduka.

Ndiye itamveka mbiri yoti kampani yagula thiraki yatsopano yonyamulira katundu wa golosale ina yaikulu, yonyamuka Lolemba n'kubwerera Loweruka lisanafike sabata ndi sabata, Mlamu anakwera masitepe kukaonana ndi bwana wa magalimoto.

“Bwana, ine sindinagwetsepo thiraki, sindinagulitsepo dizilo wa kampani. Ndipatseni iyi. Mwana wanga akulemba mayeso.”

Bwana anapukusa mutu mwachisoni ngati wamva za maliro. “Mlamu, ife timakufunirani zabwino. Thiraki imene ija ndi yamphamvu. Giya zake zimafuna mkono wa mwamuna.”

Makaniko anali atamutsina kale khutu Mlamu kuti thirakiyo imasintha yokha giya, dalaivala amangokhala ngati ali pa sofa. Koma bwana anali atalonjeza a Ndinapitako, dalaivala wamkulu pa onse, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Anapatsidwa dzinali chifukwa dera lililonse limene munthu angatchule, iwo anapitako kale, msewu usanathiridwe phula. Anapitadi malo ambiri, kuphatikizapo m'maenje angapo a m'mbali mwa msewu, matayala ali m'mwamba.

Tsiku lopereka makiyi, Mlamu analowa pa depoti m'mawa ndi Nkhalamba, akuchokera ulendo wautali, maso ali psu, msana ukulira. Asanaponde pansi bwinobwino, mayi wa zotsatsa malonda anamugwira dzanja.

“Asisi, Mulungu ndi wabwino, mwafika! Alendo a kugolosale akubwera, ndipo amakonda kwambiri nkhani za amayi. Tikufuna zithunzi zanu m'thiraki yatsopano. Pukutani nkhope. Dukulo lisiyeni, alendo amakonda zoterozo.”

“Ndiye kuti thirakiyo ndi yanga?”

“Aaa, asisi, inunso. N'zithunzi chabe.”

Anamupaka paudala n'kumukweza. Wojambula anamupatsa makiyi, omangidwa kariboni kofiira, kuti awanyamule m'mwamba. Anamuuza agwire chiwongolero, aseke, ayang'ane patali ngati akuganizira tsogolo la amayi onse. Mlamu ankaganizira bedi. A Ndinapitako nthawi imeneyo anali kuseri kwa maofesi, akulimbana ndi tayi. Kenako wojambula anaona kabedi kuseri kwa mipando, matiresi ake asanagonedwepo.

“Mayi, tagonani apo, tione mmene mumapumira muli paulendo. Tsekani chitseko. Ine ndijambulira kunja pagalasi, kuti zioneke zenizeni.”

Anafuna zenizeni, ndipo anazipeza. Mlamu anatseka chitseko. Manja ake, osafunsa mutu, anakhoma loko, anakoka malamba n'kumanga zitseko zonse ziwiri, anatsekanso makatani. Anaika mutu pa matiresi ofewa, mopanda fungo la dizilo. Wojambula asanasankhe n'komwe poima, mayi anali m'tulo tofa nato, makiyi ali m'kati momwemo.

Anadzidzimuka ndi kugogoda. Manyazi anamugwira, anadzuka msanga, dzanja lili kale pa lamba kuti amasule. Pamenepo anamva mawu a a Ndinapitako pansi pa zenera. Ankanong'oneza makaniko, koma kunong'ona kwa munthu wozolowera kulankhula injini ikulira.

“Wagona pabedi? Mkazi? Pabedi penipeni?”

“Eya, akulu. Nanga akanagona pa tayala?”

“Mayo ine! Dzulo ndinaika kanthu kanga pansi pa matiresi, kondisunga pamsewu. Sing'anga anandiuza kuti mkazi akangokagonera, kamasuluka n'kutembenukira mwiniwake. Thiraki imeneyi indipha!”

“Nanga inu si mkulu wa mpingo?”

“Mpingo ndi wa Lamulungu, iwe. Ine ndikunena za pamsewu.”

Mlamu anachotsa dzanja pa lamba. Anapisa pansi pa matiresi n'kupezadi kamtolo kakuda, komangidwa ndi ulusi, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anakayang'ana kwa kanthawi, akuganizira mtsikana wake. Kenako anavula nsapato, anavula masokosi n'kuwayanika pa chiwongolero, n'kugonanso, ulendo uno chagada, atatambasula miyendo kuti matiresi onse amudziwe. Tulo sanagonenso. Ankangomvetsera.

Anamva galimoto ya mwini kampani ikulowa, ya alendo ili pambuyo. Anamva mayi wa zotsatsa malonda akugogoda ndi mphete pagalasi, “Asisi! Asisi!”, mawu akunka nachepa ngati a mwana wa mbuzi. Bwana wa magalimoto ananena zoswa galasi. Mwini kampani anayankha kuti woswa galasi la thiraki imene sinayendebe anyamuliretu katundu wake wa mu ofesi. Makiyi ena anali akadali kwa ogulitsa thiraki. Ndiye panamveka kuseka kwa mayi wina, mkulu wa alendo aja.

“Musiyeni apume. Munthu akagona chonchi ndiye kuti thiraki waikonda. Si ndi yake?”



Dzuwa lili pamutu, Mlamu anamasula malamba n'kutsika, phazi lili pambalambanda, akudzinyolola. Madalaivala onse anali ataima pamzere, malaya osita.

“Pepani, mabwana, n'kutopa. Bedi ndi labwino, koma kanthu aka kamandibaya m'nthiti. N'ka ndani?”

Anakakweza m'mwamba kuti aliyense akaone. Mzere wonse unabwerera m'mbuyo ngati waona njoka. Panalibe dalaivala amene anafunsa kuti n'chiyani, chifukwa ambiri a iwo anali ndi kawokawo pansi pa mpando, ndipo lamulo lake ankalidziwa. A Ndinapitako anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

“Mwina anaikamo a kufakitale,” anatero makaniko, nkhope ili gwa. “Koletsa chinyezi.”

Mwini kampani, amene ankangofuna kuti mwambo uthe, analandira makiyi kwa Mlamu n'kuwapereka kwa a Ndinapitako. Iwo anabisa manja kumbuyo.

“Bwana, ndaganiza bwino. Msana wangawu sugwirizana ndi mipando yofewa. Apatseni achinyamata.”

Wotsatira anati thiraki yake yakale anaizolowera ngati mkazi wa paunyamata. Wina anati giya zosintha zokha zimafooketsa mkono. Wina anakumbukira kuti Loweruka kunyumba kwake kumakhala phokoso, bola pamsewu. Makiyi anayenda mzere wonse ngati mbale ya chopereka pakati pa mwezi, n'kubwerera kwa mwini kampani. Katundu anayenera kunyamuka Lolemba, ndipo alendo anali atayamba kuyang'ana mawotchi.

Mlamu anali atakhala pa sitepe ya thiraki, akuvala masokosi.

“Bwana,” anatero kwa bwana wa magalimoto, “mkono wanga ndi wa mkazi, koma ndiyesetsa.”

Bwana anayang'ana mwini kampani, anayang'ana alendo. “Mongogwirizira, Mlamu. Mpaka tipeze munthu.”

“Munthuyo mumufune mosathamanga, bwana.”

Mwini kampani anakonza jekete n'kulankhula mawu okoma, oti kampani yawo inakonza zimenezi kalekale, chifukwa imakhulupirira amayi. Onse anaomba m'manja, a Ndinapitako kuposa onse. Kamtolo kaja Mlamu anakasiya pakhoma pafupi ndi mpopi. Pomwe anthu ankabalalika kanali katasowa, ndipo palibe anaona wokatenga.

Munthu woti alowe m'malo mwa Mlamu uja sanapezekebe. Nthawi ndi nthawi bwana amalemba dalaivala watsopano, koma asanamalize n'komwe kumwa tiyi wake woyamba, anzake amakhala atamuuza za bedi limene linagonedwa, ndipo iye amapempha thiraki ina iliyonse.

Loweruka loyamba Mlamu anakatenga mtsikana wake kwa mkulu wake, n'kupita naye ku zipinda zake ziwiri, zimene zinkanunkha kutsekedwa. Anatsegula mazenera, anapukuta tebulo, anaikapo buku la masamu, n'kukhala mbali inayo atapinda manja.

“Amayi, kodi muzibwera Loweruka lililonse?”

“Lililonse.”

“Ndiye tizichita masamu Loweruka lililonse?”

“Lililonse.”

Mtsikana anausa moyo ngati wapatsidwa chilango, koma anakokera mpando pafupi mpaka bondo lake linagunda la amayi ake. Analemba kwa kanthawi, n'kutseka buku msanga.

“Ndamaliza.”

“Tsegula.”

“Koma amayi, masamuwa inu simuwadziwa n'komwe.”

“Sindiwadziwa. Koma nkhope ya munthu wonama kuti wamaliza ntchito ndimaidziwa, mwanangu, ndimagwira ntchito ndi amuna. Yambiranso pamwamba.”