Zigongono M'kati

Thirakitala imene amuna anga ankayendetsa pa esiteti ya tiyi ku Chipinge ndinkaida ngati mkazi mnzanga. Inali yakalekale, utoto utasuluka, ndipo kutsogolo kwake kunali chifosholo chotapira manyowa ndi nkhuni za ku fakitale. Amene anapanga chifosholocho kaya ankaganiza chiyani. Mikono yake iwiri yachitsulo inkayambira kumbuyo kwa mpando n'kudutsa m'mbali mwa dalaivala, wina uku wina uku. Pokwera ndi potsika inkapyola pafupi ndi nthiti ngati sizasi. Ukangotulutsa chigongono, basi, mkono wapita. Pokhuthula unkachita kukoka chingwe, chifosholo n'kupidiguka chokha.

Madalaivala a Chindau onse anaikana. Iwo anali ndi minda kwawo, ankatha kunena m'chinenero chawo kuti "handidi", sindikufuna, n'kunyamuka. Nanga ife tikanalowera kuti? Apongozi anga anachoka ku Mulanje ali mnyamata, ndipo manda awo ali kuseri kwa komboni. Nyumba ya zipinda ziwiri imene tinkagonamo inali ya kampani, inkayendera limodzi ndi ntchito ya amuna anga.

Ine ndinkathyola tiyi, dengu kumsana, khutu lili ku thirakitala. Ikangozima mwadzidzidzi, ndinkasiya kuthyola n'kuyang'ana komwe inali. Tsiku lina amuna anga anabwera malaya atang'ambika paphewa, khungu litasupuka. Ndinapsa mtima.

"Bambo a ana, chinthu chimenechi chidzakudulani. Kapempheni ntchito ina."

"Ina iti, mayi? Yanga ndi imene anzanga akuikana," anatero akusamba m'manja. "Bola zigongono m'kati."

Lamlungu lililonse ndinkapempha Mulungu kuti thirakitalayo iwonongeke. Ndiye inayambadi kutsokomola, utsi wakuda kuti tolo, mikono ija n'kumanjenjemera pokwera. Kapitawo anauza amuna anga kuti zitsulo zake sizikupezekanso, ngakhale ku Mutare. Anati ikafa kubwera yatsopano, ndipo ibwera ndi dalaivala wake wophunzira.

Pemphero langa linatembenuka tsiku lomwelo. Ndinayamba kupempha kuti chilombo chija chisafe. Tangoganizani, mzimayi wamkuluwamkulu kugwada n'kumapempherera chinthu chofuna kudula mwamuna wake. Ndinkaopa ikalira, ndinkaopanso ikakhala chete. Ndinalibe chochita, ndinkangothyola tiyi.

Amuna anga anaimanga ndi mawaya, mapaipi otha n'kuwakulunga ndi malabala a machubu. Inakoka dzinja limodzi, kenako inazima osadzukanso. Anaikankhira pansi pa mitengo ya bulugamu, chifosholo chitagwa pansi. Udzu usanamere n'komwe m'matayala, ife tinali titapereka makiyi a nyumba.

Pano tikukhala ku Gaza, dera la m'tauni ya Chipinge, m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni ake. Ndimagulitsa nthochi ndi tomato pamsewu, amuna anga amaswera pakhonde. Ana a m'deralo amawatcha sekuru, kutanthauza agogo, ndipo amaseka kakhalidwe kawo.

Dzana ndinawapititsira tiyi. Anali okha pabenchi, malo ali mbwee uku ndi uku, koma zigongono atazipanikiza m'nthiti. Chisoni chinandigwira.

"Tamasukani, bambo a ana. Palibe chokudulani pano."

Anatambasula mikono pang'ono, anaiyang'ana, kenako n'kuibweza.

"Ikukana, mayi," anatero.