Filimu Imene Munkamasulira pa Namadzi

Achimwene, dzulo ndinaipeza pa foni filimu yakale ija ya zigawenga zogulitsa mankhwala osokoneza bongo, imene munkamasulira m'nyumba ya vidiyo pa Namadzi. Ndisakunamizeni, yakalamba. Magazi ake akungooneka ngati supu ya tomato, mfuti zake sizitha zipolopolo, ndipo tauni imene tinkaisirira ija ndi yauve zedi. Popanda mawu anu, ndi phokoso basi.

Koma ndinafika paja amamuwombera mkulu wa gululo. Mukukumbuka? Munatsitsa mawu pa maikolofoni n'kunena kuti, "Anyamata, musandisiye m'tauni muno. Mukandiike kwathu, pafupi ndi amayi." Ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo anapukuta misozi ndi chitenje. Pano Chizungu ndimachimva. Munthu uja sananene zimenezo, ankangotukwana. Mawu aja anali anu, achimwene. Koma mutamwalira ku Joni tinalephera kukubweretsani, anakuikani konko anthu osakudziwani. Loweruka tinakalambula kumanda kwathu ku Nchema. Pambali pa amayi pakungomera udzu.